Kansanza ka Petulo Kuseri kwa Thanthwe

Mwezi wathawu, ndikutsika ku mapanga a m'phiri la Mphunzi, ndinapeza anyamata atatu kuseri kwa thanthwe, akupatsirana kansanza konyowa ndi petulo wa njinga yamoto. Aŵiri anathaŵa. Wotsalayo, maso ali psuu, ndinamfunsa kuti, "Mwana wanga, ukufunamo chiyani m'kansanzako?" Iye anati, "Bambo, ndimaona timizere ndi tozungulira toŵala, tonga tija ta m'phanga."

Yankho limeneli landisoŵetsa tulo, pakuti mnyamatayo sananame kwenikweni. M'chaka cha 1988 akatswiri aŵiri a ku South Africa, David Lewis-Williams ndi Thomas Dowson, analemba kuti ubongo ukasokonezeka umadzipangira wokha madontho ndi mizere, ndi kuti zojambula zina za m'mapanga zinachokera m'masomphenya otere. Komatu kulitengera ganizoli ku Mphunzi n'kukokomeza. Zojambula zofiira za Akafula, ofufuza amazilumikiza ndi mvula ndi kubereka. Zoyera za Acheŵa ndi za chinamwali ndi Nyau. Kumeneko mwana sankaloŵa yekha m'zobisika: panali namkungwi, panalinso nyengo yake. Malo 127 a ku Chongoni analemekezedwa ndi UNESCO mu 2006, koma ife timangoperekezako alendo, ana athu osaŵafotokozera kanthu.

Tsono amene ndikuŵadzudzula pano ndife akuluakulu, chifukwa mankhwala athu ndi amodzi okha: mkuwo ndi mkwapulo. Kodi tikudziŵa chimene tikuchita? Mpweya wa petulo kapena wa guluu umadya pang'onopang'ono mafuta okuta mitsempha ya mu ubongo, mwana n'kuyamba kuiŵalaiŵala. Choopsa koposa chili pa mtima. Mu 1970 dokotala wa ku America, Millard Bass, anafotokoza za achinyamata amene anagwa n'kufa atangonunkhiza, ena atadzidzimuka n'kuthamanga. Mtima wokhuta mpweyawu supirira mantha, ngakhale pa tsiku loyamba. Womthamangitsa mwana wotere ndi ndodo angathe kumupha. Ndipo aŵiri aja, ndivomere, anathaŵa chifukwa ndinakuwa ndine.

Nanga wogulitsa petulo wa m'mabotolo, pothirira mwana wopanda njinga, amati apita naye kuti?

Mnyamata uja ndinakhala naye pamthunzi mpaka maso atayera. Anandifunsa ngati ojambula akale ankaonadi zimene iye amaona. Tapangana kukwera phirilo Loŵeruka likudzali, ndipo ndamuuza kuti aitanenso anzake aŵiri aja.