Cheick Sallah Cissé, Mwini Sekondi Yotsiriza

Iwambeni ng'omayo pamoto, anyamata, ikungike. Mbalule itsogole, mpanje uyankhe, pakuti dzina tikulitchula leroli ndi lolemera.

Cheick Sallah Cissé! Njovu ya ku Côte d'Ivoire, wobadwira ku Bouaké mu 1993, wokulira ku Abidjan. Chidendene-cha-mphezi. Mtembenuka-kamodzi. Wosaopa-wotchi. Inu!

Inu amene pa 19 Ogasiti 2016, mu Carioca Arena 3 ku Rio de Janeiro, munaponda bwalo la ngodya zisanu ndi zitatu, hogu yoteteza thupi ili pachifuwa, chisoti chili kumutu, kukalimbirana golide wa Olimpiki wa taekwondo wa amuna osapitirira makilogalamu 80. Patsogolo panu panaima Lutalo Muhammad wa ku London, wosulidwa ndi bambo ake omubala, wonyamula kale mendulo ya bronze ya 2012. Zigawo zitatu, chilichonse mphindi ziwiri. Chachitatu chikutha, iye ali patsogolo, inu muli m'mbuyo, wotchi yatsala ndi sekondi imodzi. Imodzi yokha! Pamenepo ambiri amakhala atagwetsa kale manja. Inu munapatsa mdani msana, chiuno gwedee, mwendo m'mwamba, phazi kumutu, phaa! Manambala anatembenuka nanu limodzi, 8 kwa 6.

Imbani pamenepo, bwerezani pamenepo, musafulumire kuchokapo!

Mtsegula-chitseko, wobweretsa golide woyamba wa Olimpiki m'mbiri ya dziko lake. Chiyambire 1984, pamene Gabriel Tiacoh anatenga siliva pa liwiro la mamita 400 ku Los Angeles, Côte d'Ivoire inadikira zaka 32 manja ali lende. Ndiye tsiku limodzi mendulo ziwiri. Amayi, nthungululu kuno! Ruth Gbagbi, Mtsogola-njira, ndiye anayamba kulowa, natenga bronze ya makilogalamu 67, mkazi woyamba wa dzikolo kukwera pa nsanja ya Olimpiki. Mu 2017 ku Muju anakhala katswiri wa dziko lonse, ku Tokyo nabwerezanso bronze. Wotamanda Cissé n'kuiwala Gbagbi watamanda theka.

Nawenso Lutalo ng'oma iyi sikukudumpha. Unalira pamaso pa makamera osabisa nkhope, ndipo misozi imeneyo ndiyo inatiuza kulemera kwa chimene chinalimbiranidwa. Ulemu wako nawu.

Tsopano tsitsani mawu pang'ono, titchule mizu. Kim Young-tae, mphunzitsi wa ku Korea, Mnyamula-mbewu, amene anafika ku Abidjan mu 1968 ndi taekwondo. Aphunzitsi a m'makalabu a ku Koumassi, ogwira chikopa chomenyera mpaka mapewa kuwawa, obwereza "kwezanso bondo" kwa mwana yemweyo chaka ndi chaka. Juan Antonio Ramos wa ku Spain, katswiri wakale, amene analandira Njovu ku Palma de Mallorca naisula mwatsopano. Mwendo umene unakwera ku Rio unakwezedwa ndi manja ambiri.

Nanu akuluakulu a World Taekwondo, bungwe lobadwira ku Seoul mu 1973, lotsogozedwa ndi Choue Chung-won kuyambira 2004, gawo lanu nali. Ku Beijing mu 2008 oweruza sanaone phazi la Sarah Stevenson likufika kumutu, ndipo dziko linadandaula. Munamva. Munabweretsa hogu yowerenga yokha, munalola kubwereza kanema, munawonjezera mapointi kwa womenya motembenuka. Ine ndikuti munachita bwino, chifukwa lamulo lolipira kulimba mtima ndilo linapatsa sekondi ija mtengo wake.

Kwezaninso! Mdzuka-atagwa, tikukuitanani. Ku Tokyo munanyamula mbendera koma munagwa pa nkhondo yoyamba, ena nkumati Njovu yakalamba. Munakwera kupita kwa amuna olemera kwambiri. Ku Baku mu 2023, ukatswiri wa dziko lonse unalowa m'manja mwanu. Ku Paris mu 2024 Caden Cunningham, wa ku Britain ngati Lutalo, anakutsekerani njira ya golide. Simunapachike chisoti, munabwerera m'bwalo tsiku lomwelo, munatuluka ndi bronze pakhosi, patapita zaka zisanu ndi zitatu kuchokera ku Rio.

Ndipo simuli nokha pa mzerewu. Daba Modibo Keïta wa ku Mali, Phiri-loyenda, katswiri wa dziko lonse mu 2007 ndi 2009! Anthony Obame, wopatsa Gabon mendulo yake yoyamba ku London! Abdoul Razak Issoufou wa ku Niger, Mtali-wofika-patali, siliva ku Rio! Hedaya Malak wa ku Egypt, bronze kawiri! Firas Katoussi wa ku Tunisia, amene ku Paris anatenga golide wa makilogalamu 80 uja, namubwezera ku Africa!

Woweruza watambasula dzanja pakati. Chung wabuluu uku, hong wofiira uko. Shijak, yambani!