Msilikali Wodziwa Kuwerenga Tchire

Madzi amene amatuluka pampopi ku Area 11, ku Capital Hill ndi ku Old Town amachokera kutali, kumapiri a Dzalanyama kumalire ndi Mozambique. Kumeneko ndiye kumutu kwa mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la 1966, lachiwiri la 1989. Nkhalangoyi ndi yotetezedwa kuyambira 1922, ndipo kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000. Si malo a asilikali ayi, eni ake ndi a zankhalango. Koma mu 2015, kuotcha makala kutafika pa mwana wakana phala, boma linatumizako asilikali a MDF, ndalama zoyendetsera ntchitoyo zikuchokera ku Lilongwe Water Board.

Ambiri akamva nkhaniyi amaganiza za mfuti ndi jombo. Ine chimandigwira mtima ndi maso a msilikali wophunzitsidwa bwino, momwe amaliwerengera tchire.

Amayamba ndi utsi, ndipo amalawirira. M'mamawa mphepo isanadzuke, utsi wa uvuni wa makala sukwera, umagona m'khwawa, ndipo munthu amene wakhala pamtunda amauona patali. Ukakhala woyera ndi wochindikala, ndiye kuti uvuni angouyatsa kumene, mitengo idakali yaiwisi, mwini wake abweranso kangapo kudzatseka ming'alu ndi dothi kuti moto usalilime. Ukakhala wopyapyala, wobiriwira pang'ono, makala apsa, matumba ali m'njira. Kusiyanitsa ziwirizi ndi kumene kumamuuza msilikali ngati adikire kapena afulumire.

Kenaka pansi. Njinga yopanda katundu munthu amaipalasa, imasiya mzere umodzi wosazama. Njinga yosenza matumba pachitunda amachita kukankha: tayala lakumbuyo limalowa m'dothi, pambali pake pali mapazi a munthu wowerama, zala zitakanirira pansi, zidendene zosaoneka bwino. Phazi likaponda mame asanagwe, m'mphepete mwake mumafewa. Likaponda mame atagwa, udzu umagona ndipo mzerewo umada pakati pa udzu wonyezimira. Ngati nyerere zadutsa kale pamwamba pake, kapena kangaude walukanso ulusi wake panjirapo, wolondola amadziwa kuti munthuyo wapita kale, palibe chothamangira. Chitsa nachonso chimanena tsiku. Mombo kapena mtondo wodulidwa dzulo umakhala wonyowa pamwamba, zibanthu zake zoyera, masamba a nthambi zotayidwa angofota osauma. Pakatha sabata zonsezo zimachita mdima.

Tsono luso lomweli lili ndi mbali yachiwiri, ndipo ndi imene imandikhutiritsa kuti maphunziro a nkhondo ndi kusamala nkhalango si adani. Amene amadziwa kuwerenga mapazi a mnzake amadziwanso kuti ake akuwerengedwa. Choncho gulu loyenda bwino silisiya umboni. Silithyola nthambi pofuna njira, limazipatula n'kuzibwezera. Podzibisa limazula udzu apa pang'ono, apo pang'ono, chifukwa tchire lometedwa malo amodzi limaulula, ndipo nthambi yodulidwa ikafota imaoneka patali. Pokumba dzenje lobisalamo, dothi lapamwamba amaliika palokha, pochoka n'kukwirira, lapamwambalo n'kubwerera pamwamba. Moto amasonkha waung'ono, wa nkhuni zotola, n'kuuzima mpaka phulusa lizizire. Chitini ndi pepala amabwerera nazo m'chikwama. Mphunzitsi akamakalipira wophunzira amene wasiya chitsa cha ndudu saganiza za mitengo, amaganiza za mdani. Koma nkhalango imapindula chimodzimodzi, makamaka mu Okutobala pamene kamoto kamodzi kosiyidwa kamatha mphukira zonse za chaka.

Kunja zimenezi anaziona kalekale. Ku Salisbury Plain, ku England, asilikali akhala akuphunzirako kuyambira 1898, ndipo chifukwa khasu ndi feteleza sizinalowemo, udzu wachilengedwe umene unatha m'minda yozungulira udakalipo. Ku America lamulo la Sikes Act la 1960 limafuna kuti malo a asilikali azisamaliranso nyama ndi zomera. Kwathu kuno, kuyambira 2017, asilikali a ku Britain anayenda limodzi ndi alonda a African Parks ku Liwonde, akuphunzitsana kulondola anthu opha nyama ndi otchera misampha ya waya. Tchire silisewera: mu Meyi 2019 mmodzi wa asilikaliwo, Mathew Talbot, anaphedwa ndi njovu ali pa ntchitoyo.

Sikuti zonse za ku Dzalanyama zinali zoyamikika. Madandaulo anamveka oti anthu ena ogwidwa ankamenyedwa, ndipo pamenepo palibe luso lililonse. Kumenya munthu wokankha njinga aliyense angathe. Chovuta ndi kupeza uvuni usanayatsidwe, kapena kufika pamene nkhwangwa yangoyamba kulira mtengo usanagwe, ndipo izi zimafuna munthu wopirira, wotha kukhala chete pamwala mpaka dzuwa litatuluka, udzudzu ukumudya.

Komabe ngakhale maso akuthwa chotani sangalondole thumba mpaka kumene limathera, chifukwa mapazi amatayika njinga ikangofika patala. Matumba aja amalowa m'tauni m'bandakucha, mitu yake italukidwa ndi timitengo, ena n'kuima pamageti a mipanda yaitali ya ku Area 10, 11 ndi 12, kumene magetsi akazima mbaula imayaka ngati kwina kulikonse. Lamulo la zankhalango, monga linakonzedwera mu 2020, limafuna chiphaso pa kuotcha ndi kugulitsa makala, ndipo makala a chiphaso, ochokera ku mitengo yodzalidwa, alipo. Inu a m'mipandamo, thumba likafika pageti, funsani kumene lachokera musanafunse mtengo.