Za Ophunzira Malonda ndi Amai a ku Kauma

M'masukulu akuru a malonda muli mwambo umene tiyenera kuuyesa bwino. Ophunzira amene anatha kale digiri yoyamba atumidwa kukathandiza anthu a malonda ang'ono, ndipo pobwerako alemba zimene anaona ndi zimene anaphunzirapo. Mwambowu ngwokoma. Donald Schön wa ku America anaonetsa m'buku lace la 1983 kuti mmisiri weniweni alingalira nchito yace ali mkati moigwira, osangotsata malamulo olembedwa. Ndipo kuno kwathu si cacilendo ai. Ku Domasi, pa sukulu ya Jeanes imene inatsegulidwa mu 1929, aphunzitsi ndi akazi ao anaphunzira za ukhondo, za ulimi ndi za pabanja, kuti akazionetse m'midzi.

Koma tiyeni tiuyese ku Kauma, mu mzinda wa Lilongwe. Mai wogulitsa tomato kumeneko adziwa kale kupikula mamawa, kugawa milu, ndi kukongola ku banki m'khonde nabweza ndi ciongoladzanja. Tsono akafika wophunzira, nafunsa mafunso tsiku limodzi, nalangiza maiyo kuti azilemba ndalama zace m'buku, nacoka osabweranso, wapindula ndani? Wophunzira alandira malikisi. Mai wataya nthawi ya malonda. Zolingalira zija zimka kwa mphunzitsi yekha, m'Cingerezi, ndipo mwini nkhani sazimva konse.

Cirema cace ndi cimeneci. Mphunzitsi wa Jeanes anali kuyendera midzi yomweyo kawirikawiri, ndipo nzeru yace ikalephera, anaiona ndi maso ace pamaso pa anthu. Akuru anati mlendo adza ndi kalumo kakuthwa. Koma anatinso mlendo ndi mame.

Cifukwa cace tipempha masukulu onse a malonda, monga MUBAS ya ku Blantyre imene inali Polytechnic kufikira 2021, zinthu zitatu. Wophunzira akhale ndi gulu limodzi miyezi ingapo, kufikira aone malonda akukwera ndi kutsika. Awerengere eni ace m'Cicewa zimene walemba. Ndipo eni acewo anene ngati uphungu wace unathandiza, mau ao awerengedwe pa mayeso.

Inunso akuru a mpingo, akadza ophunzira kudzapempha kuti muwasonkhanitsire anthu, alandireni bwino, koma muyambe mwawafunsa kuti, Mudzabweranso liti?