Mutu umodzi susenza denga: maso athu pa buku la The Giver

Kodi mwana amakula tsiku liti? Tsiku lomwe wayamba kumera ndevu, kapena tsiku lomwe wazindikira kuti akuluakulu omulera nawonso amanama? Funso limeneli ndi lomwe lili phata la buku la achinyamata lotchedwa The Giver, lomwe analemba mayi wa ku America, Lois Lowry. Bukuli linatuluka m'chaka cha 1993, ndipo mu 1994 linapata mphoto ya Newbery.

Nkhani yake ndi ya Jonas, mnyamata wa zaka 12 wokhala m'dera lina la m'tsogolo. Kumeneko kulibe njala, kulibe nkhondo. Mungati ndi paradaizo, koma dikirani kaye. Anthu ake saona kufiira kapena kubiriwira, sadziwa nyimbo, ndipo mkazi, ana ndi ntchito amachita kukusankhira ndi akuluakulu. Mnyamata akangoyamba kulota za atsikana, basi amamuyambitsa mapiritsi. Mbiri yonse ya anthu, zokoma ndi zowawa zomwe, anaisenzetsa nkhalamba imodzi kuti ena onse azigona tulo. Pa mwambo wogawa ntchito, Jonas ndi amene akusankhidwa kulowa m'malo mwa nkhalambayo.

Apa m'pamene pagona luso la mayi Lowry. Sakutiopseza ndi mfuti kapena asilikali ayi. Chida cha akuluakulu m'bukuli ndi mawu ofewa. Okalamba, ana ofooka ndi olakwira malamulo amati "awamasula", ndipo Jonas, pamodzi ndi ife awerengi, timayesa apita kukapuma kwina. Kenaka mnyamatayo akuonetsedwa kanema wa bambo ake, munthu wofatsa wolera makanda, akubaya jekeseni pamphumi khanda lamapasa chifukwa choti lapepuka kuposa mnzake. Khanda lija lafa, ndipo bamboyo akulitaya akulankhula monyengerera ngati palibe chachitika. Abale, ndimeyi ndi yozizira m'nkhongono! Tsiku lomwelo Jonas wakula, pakuti wadziwa tanthauzo lenileni la mawu omwe wakhala akumva chibadwire.

Ife kuno chinamwali timachidziwa. Anamwali amalangizidwa pagulu, ndipo akatuluka amabwerera kwa anthu odziwa kale mwambowo. Cha Jonas n'chosiyana: walangizidwa yekhayekha, n'kuletsedwa kuuzako wina aliyense. Akafunsa makolo ake ngati amamukonda, iwo akumudzudzula kuti wasankha mawu opanda tanthauzo. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga. Rosemary, mtsikana yemwe anapatsidwa udindowu zaka 10 m'mbuyomo, unamulemera mpaka anapempha yekha kuti amumasule.

Komabe tisakometse zonse. Bukuli lili ndi pofooka pake. Anzake a Jonas, Asher ndi Fiona, angokhala ngati zithunzithunzi, sitiwamva kupuma. Chachiwiri, mlembi sakutifotokozera kuti zikumbukiro zimadutsa bwanji kuchoka m'manja mwa nkhalamba kulowa pamsana pa mnyamata. Pamenepo sayansi yatha, zalowa n'zamatsenga.

Chondidandaulitsa kwambiri ndi mathero. Jonas akuthawa pa njinga ndi khanda lina, Gabriel, lomwe limayembekeza kuphedwa m'mawa mwake. Tauzidwa kuti iye akachoka, zikumbukiro zonse zibwerera kwa eni ake. Nanga bambo uja, atazindikira zomwe manja ake achita, anatani? Anayang'anana bwanji ndi mkazi wake? Nkhani yeniyeni inali pamenepo, koma mlembi watisiya paphiri lozizira, osadziwa ngati anawo apulumuka kapena akufa. Kuti apulumuka tinadzadziwa m'mabuku otsatira, makamaka Messenger la 2004 ndi Son la 2012. Kunena zoona, ine ndinkakonda chikaiko chija kuposa yankho.

Ku America makolo ena akhala akupempha kuti bukuli lichotsedwe m'sukulu, ati ndi loopsa kwa ana. Mwaonatu zodabwitsa? Akuchita zomwezo zomwe bukulo likudzudzula: kubisira mwana chowawa poganiza kuti akumuteteza.

Tsono inu aphunzitsi ndi makolo, mukalipeza mpatseni mwana wa sekondale awerenge. Chingerezi chake n'chosavuta, masamba ake ndi ochepa. Koma musamusiye yekha ngati Jonas. Akamaliza, khalani naye pansi, ndipo akakufunsani mawu ofewa omwe inu mumabisiramo zinthu, mumuyankhe zoona.