Mzinda ukhale mboni pa mlandu

Mabuku a ofufuza milandu ya mizukwa ali ndi msampha umene olemba ambiri amakodwamo. Matsenga akangololedwa m'nkhani, mlandu ukhoza kutha pa tsamba loyamba: wofufuza aombeze ula, wakupha adziwike, basi. Nanga chimene chimagwira wowerenga mpaka kumapeto n'chiyani? Ine ndikuti ndi mzinda. Wolemba waluso amazula matsenga ake m'nthaka ya malo enieni, kotero kuti wofufuza sangamvetse mlandu asanamvetse mbiri ya msewu umene mtembo wapezekapo.

Ben Aaronovitch anaonetsa zimenezi m'buku lake la 2011, Rivers of London. Peter Grant, wapolisi wachinyamata, akulondera malo amene paphedwa munthu ku Covent Garden, ndipo mboni yoyamba kumulankhula ndi mzukwa. Iye sathawa; atulutsa kabuku n'kuyamba kulemba umboni monga anamuphunzitsira kupolisi. Apa m'pamene pagona mphamvu ya bukuli: zodabwitsa zikufunsidwa mafunso a tsiku ndi tsiku, akuti unali pati, unaona ndani.

Malowo sanasankhidwe mwachisawawa. Ku Covent Garden n'kumene wolemba Samuel Pepys anaonera sewero la chidole chotchedwa Punch mu 1662, ndipo kuphana kwa m'bukuli kukutsata ndondomeko ya sewero lachiwawa lomwelo. Mlanduwu sungasamutsidwire ku Paris kapena ku Chicago osaphwasuka. M'bukuli mitsinje nayonso ili ndi eni ake. Fleet ndi Tyburn, imene inakwiriridwa pansi pa misewu ya London, ikuyenda ngati amayi aulamuliro. Father Thames anathawira kumtunda madzi ataipa ndi zonyansa mu 1858, ndipo chigawo chakumunsi chinagwa m'manja mwa Mama Thames, mayi wa ku Nigeria amene anabwera kudzaphunzira unamwino. Popanda kulalikira, wolembayu wafotokoza mmene obwera asinthira nkhope ya London.

Lauren Beukes anatenga njira ina mu Zoo City, buku la 2010 limene linapambana mphotho ya Arthur C. Clarke mu 2011. M'Johannesburg wake, munthu amene ali ndi magazi m'manja amapatsidwa nyama yoti aziyenda nayo moyo wake wonse. Zinzi December amabereka kumsana kanyama kaulesi kotchedwa sloth chifukwa cha imfa ya mchimwene wake, ndipo kanabwera ndi mphatso yopeza zinthu zotayika. Anthu a nyamawa eni nyumba amawakana, olemba ntchito amawaopa, motero amaunjikana ku Hillbrow pamodzi ndi othawa nkhondo ngati Benoît wa ku Congo. Aliyense wodziwa mbiri ya tsankho ku South Africa, kapena amene anasakapo chipinda ku Joni ali mlendo, sasowa womumasulira. Zinzi akamafunafuna mtsikana woimba amene wasowa, ulendo wake wochoka m'nyumba zosanja zophwasuka kupita kumipanda yamagetsi ya anthu olemera ndiwo umboni waukulu wa mlanduwo.

Luso lachiwiri limene onse awiri agwiritsa n'lakuti matsenga ali ndi malire komanso mtengo wake. Kwa Aaronovitch, matsenga amapsereza foni ya m'manja, ndipo akachuluka amawononga ubongo wa mwini wake. Kwa Beukes, nyama ikafa, mdima umabwera kudzatenga mwini wake. Malire amenewa ndi amene amasunga chilungamo pakati pa wolemba ndi wowerenga. Wofufuza ayenerabe kuyenda wapansi, kugogoda pazitseko, kunamizidwa ndi kulakwitsa, ndipo ife timapatsidwa mpata woganiza naye limodzi.

Mabukuwa ali ndi zofooka zake. Aaronovitch amaukonda London mopitiriza. Nthawi zina amaimitsa kafukufuku kuti afotokoze kamangidwe ka nyumba, wakupha ali paufulu. Beukes amamanga Hillbrow mosamala kwambiri m'chigawo choyamba, koma kumapeto amathamanga, ndipo chiwembu chonse chimaululika mwaphuma ndi magazi ochuluka kuposa mmene nkhaniyo inatikonzekeretsera. Komabe zolakwa ziwirizi n'zopepuka poyerekeza ndi za wolemba amene amangomata dzina la mzinda pachikuto, kenako n'kudzaza masamba ndi mizukwa yobwereka imene ingakhale kwina kulikonse.

Inu owerenga, mukatenga buku la mtundu umenewu, liyeseni motere: chotsanimo maina a misewu, muikemo a mzinda wina. Nkhani ikapitirira osapunthwa, wolembayo sanagwire ntchito yake. Rivers of London ndi Zoo City sizingapirire kusamutsidwa kotereku, ndipo n'chifukwa chake ndi mabuku oyenera nthawi yanu.