Usiku wa chipale ku Kanbara

Kuyera konse komwe kuli pa chithunzi cha mudzi wa Kanbara ku Japan, chomwe Utagawa Hiroshige anajambula cha m'ma 1833, si utoto ayi. Chipale chofewa chomwe chakuta madenga, mitengo ndi mapiri ndi pepala lenilenilo, pomwe inki sinafike. Ndikamachiyang'ana, maso anga amakakamira pamenepo.

Chithunzichi ndi chimodzi mwa 55 zosonyeza msewu wa Tokaido, wochoka ku Edo kukafika ku Kyoto. Kwada. Anthu atatu akuyenda chowerama, awiri akukwera chitunda, wina akutsika atabisa mutu m'ambulera yotsegula pang'ono. Mudzi wonse uli zii.

Chithunzichi n'chosindikizidwa ndi matabwa, ndipo Hiroshige ankangojambula. Wosema ndiye ankamata chojambulacho chafufumimba pa thabwa la mtengo wa cherry, n'kusema mbali zonse zosafunika inki mpaka kutsala timizere tokhatokha totukuka. Tangoganizani za chipale chomwe chikugwacho: kadontho kalikonse ndi kadzenje komwe munthu anakumba ndi nsonga ya mpeni pa thabwa losindikizira thambo, kamodzikamodzi, kena kakulu kena kakang'ono, motalikirana mosiyanasiyana kuti tisaoneke ngati tafola pamzere. Dzanja likaterereka, palibe chofufutira.

Kenako pamabwera wosindikiza. Thambo la Kanbara silinade mofanana, mdima wake umanka nuzilala. Luso limeneli amalitcha bokashi. Amanyowetsa thabwa, kuika inki mbali imodzi, kuifalitsa ndi burashi, kuyala pepala, n'kulikhutiza kumsana ndi baren, kachipangizo kozungulira kokutidwa ndi khoko la nsungwi. Amabwereza zonsezi pa pepala lililonse, n'chifukwa chake makope ena ndi akuda kumwamba, ena m'munsi chakumapiri. Ine ndimakonda akuda kumwamba, chifukwa usiku umaoneka ngati ukutsikira pamudzi. Popanda mdima umenewu pepala likanangokhala pepala; ndi kutuwa kozungulirako komwe kumalipatsa kulemera ndi kuzizira.

Chodabwitsa n'chakuti Kanbara ali m'mbali mwa nyanja, m'dera lofunda lomwe lero ndi Shizuoka, komwe chipale chotere sichigwa kawirikawiri. Kwa ine zimenezi sizichotsa kanthu pa chithunzicho.

Mukadzachiona, musathamangire anthu atatuwo. Yambani mwayang'ana madenga ndi timadontho ta m'thambo, ntchito ya wosema ndi wosindikiza, omwe maina awo sanalembedwe papepalapo.