Salima wa ku Khulubvi: Ukwati Wosimbidwa ndi Mbali Imodzi

Ife a kunyanja tikamva dzina lakuti Salima timaganiza za boma lija la Senga Bay. Kuchigwa cha Shire dzinali lili ndi tanthauzo lina. Kwa Amang'anja a ku Nsanje ndi Chikwawa, Salima ndi dzina la udindo wa mkazi wa Mbona, mzimu wa mvula umene kachisi wake ali m'nkhalango ya Khulubvi. Mkazi aliyense wolowa m'nyumba imeneyo ankasiya dzina lake pakhomo, nakhala Salima. Tabwereranso ku buku lalikulu la mbiri ya Mbona titanyamula funso limodzi: kodi ukwati umenewu unkayamba bwanji, nanga mkaziyo ankafunsidwa?

Bukulo ndi River of Blood, limene linatuluka mu 1992. Mlembi wake, Matthew Schoffeleers, anali wansembe wa ku Netherlands amene anakhala zaka zambiri kuchigwako. Ntchito yake ndi yoyenera ulemu. Anasonkhanitsa nthano za Mbona monga momwe akuluakulu anazisimbira, naziika pamodzi kuti wowerenga aone pamene zikugwirizana ndi pamene zikusemphana. Anatisonyeza kuti kusemphanako si kuiwala kwa okalamba ayi, koma ndi zipsera za kulimbirana mphamvu pakati pa kachisi ndi ufumu wa Lundu cha m'ma 1600. Kuthawa kwa Mbona, kuphedwa kwake, magazi ake kusanduka mtsinje ndi mutu wake kuikidwa ku Khulubvi, zonsezi zafufuzidwa mosamala.

Tikafika pa mkazi, nkhani imachepa mawu. Timauzidwa kuti kupereka mkazi kwa Mbona unali udindo wa Lundu. Timauzidwa kuti Salima ankakhala m'kanyumba ka pafupi ndi kachisi, kuti Mbona ankamuyendera ngati nsato, ndiponso kuti kudzera mwa iye uthenga unkafika kwa anthu. Umenewu unali udindo wolemera, ndipo mlembi sakuupeputsa. Koma pa chiyambi cha ukwatiwo olankhula ndi mafumu, osunga kachisi ndi alendo. Mmodzi mwa alendowo ndi Henry Rowley wa mishoni ya UMCA, imene inasamukira kwa Chibisa pafupi ndi Chikwawa mu 1862, ndipo iye analemba za mkazi wa Mbona monga momwe ena anamuuzira. Tsiku limene amithenga anafika pamudzi wa mkaziyo, zimene amayi ake ananena, zimene iye mwini anayankha, palibe tsamba limene likutipatsa ndi pakamwa pake.

Vuto limeneli si la ku Khulubvi kokha. Ku England kuli nkhani yotchuka ya Mfumu Henry VIII ndi Anne Boleyn. Anne anabwera kuchokera ku France nayamba kutumikira Mfumukazi Catherine of Aragon, ndipo mu Malichi 1522 anaonekera m'sewero la kunyumba yachifumu. Anali pa ubwenzi ndi mnyamata wa banja lolemekezeka, Henry Percy, koma Kadinala Thomas Wolsey anauthetsa. Patapita zaka zingapo mfumu inayamba kumulembera makalata achikondi, ndipo 17 mwa makalatawo akusungidwa ku Vatican. Mayankho a Anne pa makalatawo anatayika. Chotero olemba mabuku ndi opanga mafilimu amadzaza mpatawo ndi maganizo awo: ena amamujambula ngati mkazi wochenjera wotchera mfumu msampha, ena ngati namwali wokana mwaulemu munthu amene sakanidwa. Anakwatiwa mu 1533, nadulidwa mutu pa 19 Meyi 1536 molamulidwa ndi mwamuna yemwe uja wa makalata okoma.

Akazi awiriwa ndi osiyana kwambiri. Wina anali mkazi wa mfumu yamoyo, wina wa mzimu. Chowalumikiza n'chakuti onse anafunidwa ndi mphamvu yovuta kuikana, ndipo mbiri inasunga mawu a wofuna n'kutaya mawu a wofunidwa. Apa ndi pamene tikuona kupelewera kwa River of Blood. Mlembi amene anadziwa kufunsa kuti nthano iliyonse ikutumikira mfumu iti akanayenera kufunsa ndi khama lomwelo chifukwa chake Salima amveka akamanyamula uthenga wa Mbona, koma osamveka akamanena za iye mwini. Sitikumuimba mlandu wobisa umboni. Tikudandaula kuti mpata waukulu chotere sunapatsidwe mutu wakewake.

Nkhaniyi isatithere kutali. M'midzi yathu, munthu waudindo kapena wachuma akatumiza mawu ofunsira mbeta, ankhoswe amakumana, akuluakulu amagwirizana, ndipo pambuyo pake timasimba kuti mwanayo anavomera. Anavomera pamaso pa yani, ndipo kukana kukanamutengera chiyani? Kukhala chete kwa mtsikana pamaso pa amalume ake sikufanana nthawi zonse ndi kulola kwa mtima. Olemba athu achinyamata amene akufuna kulemba mbiri ya Chikwawa, Nsanje kapena Mangochi ayambe ndi agogo aakazi akadali moyo, awafunse mmene maukwati awo anayambira, ndipo alembe mayankhowo pamodzi ndi mayina amene eni ake afuna kutchulidwa nawo.